GALU WAMPHONGO NDI AWO OPEMPHA MBEU YACE

Munthu akacoka pakati pa mzinda wa Lusaka natsata mseu wa ku Kafue, asanapite kutali apeza mseu wina wopatukira ku dzanja lamanja, ndiwo wolowa ku Makeni. Kale dera limeneli linali la mafamu, ndipo ngakhale lero nyumba zaculuka, mapoloti ambiri akali akulu-akulu: pali makola a nkhuku, madimba a ndiwo, nyumba zosungiramo katundu, ndi mipanda yaitali. Malo otere mlonda mmodzi sangathe kuwayang'anira usiku wonse, cifukwa cace anthu a ku Makeni amaweta agalu, ndipo akonda agalu akulu a mau oopsya. A kumayadi ku Kabulonga ndi ku Woodlands, a nyumba za ku Kabwata ndi ku Chelstone, ndi anchito a ku migodi ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola, nawonso acita cimodzi-modzi.

Tsono munthu akakhala ndi galu wamphongo wooneka bwino, mbiri yace sicedwa kumveka. Tsiku lina pamveka "Odi" pa cipata, ndipo mlendo atapatsidwa mpando anena, "Pepani Bambo, kwathu kuli galu wamkazi amene nyengo yace yafika. Ndadzapempha mbeu ya galu wanuyu. Akaswa, mudzasankha mwana mmodzi."

Ambiri abvomera pomwepo, poganiza kuti mwini galu wamphongo alibe cotaya. Bere si lace, kudyetsa ana si kwace, ndipo galu wace atsala monga analiri. Maganizo amenewa ali olakwa. Sikuti kupereka galu kuti akwere nkoipa nthawi zonse ai, koma pali zinthu zimene munthu ayenera kuzidziwa asananene kuti inde, pakuti zina zikhudza moyo wa galu mwini, zina cibwenzi ca anansi, ndipo zina ana a anthu amene adzasewera ndi tiagalu tobadwato.

Ena abvomera cifukwa ca ndalama kapena mwana wa galu, ndipo ici ncomveka, pakuti m'matauni mwana wa Boerboel, Rottweiler kapena German Shepherd agulidwa pa mtengo wokwera. Ena abvomera cifukwa ca manyazi, poopa kunenedwa kuti ali aumbombo. Koma alipo ambiri okhulupirira kuti galu wamphongo wosakwera adzadwala kapena kupenga, ndi kuti akakwera kamodzi mtima wace udzazizira. Izi si zoona. Galu angathe kukhala zaka zace zonse wosadziwa mkazi, nakhala wamphamvu ndi wokondwa. Oweta agalu ambiri aona kuti cocitika ncosiyana: galu amene wadziwa njira ayamba kukumba pansi pa mpanda, kulira usiku, ndi kukana cakudya pamene mphepo yamtengera pfungo la galu wamkazi wa kutali. Mlonda amene ali kunja kukafuna mkazi salinkulonda nyumba, ndipo mu mseu wa ku Kafue, mmene magalimoto akulu ayenda usana ndi usiku, galu woyenda-yenda sakalamba.

MPHONGO IMODZI, ANA AMBIRI

Galu wamkazi aswa kamodzi kapena kawiri pa caka, ndipo wa mtundu waukulu aswa ana 6 kapena 8, nthawi zina oposa 10. Wamphongo alibe malire otere. Akakwera akazi 10 pa caka, ndipo ali yense akaswa ana 7, ndiye kuti caka comweco wabala ana 70. Cabwino ciri conse ali naco cingathe kupita kwa ana amenewo, ndi coipa comwe. Cifukwa cace udindo wa mwini wamphongo uposa wa mwini wamkazi, ngakhale anthu amaganiza motembenuza.

Mu 1899 mkulu wa asilikali wa ku Germany, dzina lace Max von Stephanitz, anaona galu woweta nkhosa pa cionetsero ca agalu, namgula, namucha Horand von Grafrath. Galuyo ndiye analembedwa woyamba m'buku la mtundu umene lero uchedwa German Shepherd, umene akulu-akulu ambiri kuno akauchabe Alsatian kapena galu wa polisi. Horand anakwera akazi ambiri, ndipo ana ace ndi adzukulu ace anakweretsedwa okha-okha kuti maonekedwe ace asatayike. Motero galu mmodzi anaumba mtundu wathunthu umene tsopano uli pa dziko lonse. Komatu kukweretsa agalu a mwazi umodzi kukhazikitsa zabwino ndi zofoka pamodzi, ndipo ndico cifukwa cace mitundu yonse yochuka iri ndi nthenda zace za m'mwazi.

Zomwezi zicitika mwakacetecete m'dera ngati Makeni. Galu mmodzi akachuka, zaka ziwiri zisanathe ana ace ali pa mapoloti ambiri. Palibe wosunga buku. Caka cacitatu munthu wina abwera ndi galu wamkazi amene anamgula kwa mnzace, osadziwa kuti alinkubweretsa mwana kwa atate wace, kapena mlongo kwa mlongo wace. Ana obadwa motero kawiri-kawiri akhala ocepa ndi ofoka, ndipo cilema cimene cinabisika mwa atate cionekera poyera. Anthu pofuna kukwatira amayamba afunsana mfunda kapena ciwongo. Mwini galu wamphongo ayenera kufunsa cimodzi-modzi za wamkazi uja: anabadwira kuti, mace ndani, ndipo atate wace ndani? Ngati yankho lisonyeza ku khola lace lomwe, nkhani ithere pomwepo.

ZOBISIKA M'THUPI

Akulu anati, cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo wopempha mbeu waona mutu waukulu, cifuwa cotambalala ndi ubweya wonyezimira, koma zimene zidzabvuta ana sizioneka ndi maso.

Coyamba ndi ciuno. Pfupa la nchafu liri ndi mutu wobulungira umene ukhala m'dzenje la pfupa la ciuno, monga munsi mu mtondo. Mtondo ukakhala wosazama, munsi ugwedera, ndipo pang'ono-pang'ono mafupa aperesana. Galu wotere angathe kuthamanga bwino ali wa caka cimodzi, koma pofika zaka 5 kapena 6 abvutika kudzuka m'mawa, athamanga modumpha ngati kalulu, ndipo potsiriza angogona ndi ululu. Bvutoli linafotokozedwa koyamba mu 1935 ndi dotolo wa ziweto wa ku Boston, Gerry Schnelle, ndipo lipezeka kwambiri mwa agalu akulu amene anthu awakonda polonda nyumba. Kunenepetsa kagalu kakali kang'ono kulikulitsa, koma muzu wace uli m'mwazi. Njira yodziwira ndiyo cithunzi ca X-ray. Ku Britain anayamba kupima ziuno za agalu obereketsa mu 1965, ndipo lero apereka nambala kuyambira 0 kufikira 106, yocepa ndiyo yabwino. Galu apimidwa atakwanitsa miyezi 12, ndipo ku America adikira miyezi 24. Ku Lusaka madotolo a ziweto alipo, ku Samora Machel School of Veterinary Medicine ya pa University of Zambia, imene inayamba mu 1983 ndi kumangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndi m'zipatala zina za ziweto za m'tauni. Iwo ndiwo oyenera kufunsidwa za kupima kumeneku. Munthu amene aona kuti ndalama ya cithunzi njambiri aganize za anthu 70 aja amene adzagula ana.

Galu wa mtundu wa Rhodesian Ridgeback, amene malamulo a maonekedwe ace analembedwa ku Bulawayo mu 1922 motsogozedwa ndi Francis Barnes, ali ndi bvuto lace-lace. Mzere wa ubweya wobwerera m'mbuyo pamsana pace ndiwo ulemerero wace. Koma mu 2007 akatswiri a ku Sweden anapeza kuti cobadwa naco cimene cipanga mzerewo ndico cicititsanso kuti ana ena abadwe ndi kamphako kocokera pa khungu kulowa ca ku msana, kamene kamasunga mafinya. Ana a mtundu umenewu ayenera kufufuzidwa ndi zala za munthu wodziwa akali a masiku ocepa, ndipo galu amene anabadwa nako asabereke.

Pali cina cimene mau ace samveka bwino pa wailesi, koma ciyenera kunenedwa. Galu wamphongo ayenera kukhala ndi macende awiri oonekera. Ngati pofika miyezi 6 limodzi likali m'mimba, galuyo angathe kubala ndithu, koma apatsira ana ace cilema comweco, ndipo lotsala m'mimba lija licita cotupa coopsya kawiri-kawiri koposa linzace. Galu wotere ngwofula, si wobereketsa.

Cacikulu pa zonse ndi mtima. Anthu ambiri asokoneza galu wolimba mtima ndi galu wolusa. Wolimba mtima aima nauwa pamene mlendo afika, koma mbuye wace akalankhula aleka, ndipo mwana wa pa nyumba angathe kumgwira khutu. Wolusa kawiri-kawiri ndi wamantha: abisa mcira, aonetsa mano, naluma ali yense womyandikira, kaya mbala, kaya wanchito wa m'dimba, kaya mwana wotola mpira. Kaleredwe kacita mbali yace, pakuti galu womangidwa pa unyolo tsiku lonse ndi kumenyedwa aipa mtima, koma mantha ndi ukali ziyendanso m'mwazi. Nzomvetsa cisoni kuti galu amene analumapo munthu ndiye amene mbeu yace ifunidwa koposa, pakuti anthu ati, "Ameneyo ndiye galu." Iwo aiwala kuti mbala ibwera mwina kamodzi pa caka, koma ana a pa nyumba ali ndi galuyo masiku onse. Galu amene mwini wace yemwe amuopa sayenera kubala.

NTHENDA ZOTENGA POKWERA

Mwini wamphongo amene ati alibe cotaya sanamve za cotupa ca kumabvalo. Nthenda imeneyi iri yodabwitsa koposa mwa nthenda zonse za agalu, pakuti ndi khansa yopatsirana. Mu 1876 dotolo wa ziweto wa ku Russia, Mstislav Novinsky, anaonetsa kuti kacidutswa ka cotupaci kangathe kucotsedwa pa galu mmodzi ndi kumera pa wina. Mu 2006 akatswiri a ku London anatsimikiza kuti maselo a cotupaci, ndiwo tizigawo tating'ono-ting'ono timene thupi limangidwa nato, sali a galu wodwalayo ai, koma a galu wina mmodzi amene anafa kale-kale. Mu 2019 gulu la Elizabeth Murchison ku Cambridge, litapima zotupa zocokera ku maiko ambiri, linayerekeza kuti galu woyambayo anakhala ku Asia zaka pakati pa 4,000 ndi 8,500 zapitazo. Iye anafa, koma cotupa cace cikali moyo, cidumpha kucoka pa galu kupita pa galu pa nthawi ya kukwerana, ndipo capezeka m'maiko osacepera 90. Ciculuka kumene agalu ayenda okha osafulidwa, monga ziri m'makomboni ndi m'midzi yambiri ya mu Africa.

Maonekedwe ace ndi nyama yofiira yonyenyeka, yosacedwa kucuca mwazi. Mwa wamphongo ibisika m'kati mwa cikopa, ndipo mwini aona cabe madontho a mwazi pa khonde. Mwa wamkazi ndimo muli msampha, pakuti mwini wace akaona mwazi aganiza kuti nyengo yafika, namtengera kwa wamphongo wabwino koposa m'dera lonse. Kukwera kumodzi kukwanira. Pambuyo pace wamphongoyo agawira akazi onse obwera kwa iye. Mwai wace ngwakuti nthendayi siigwira anthu, ndipo icizika: dotolo abaya mankhwala ochedwa vincristine mu mtsempha kamodzi pa mlungu, kawiri-kawiri kwa milungu 4 kufikira 6. Koma ndalama yace iposa kutali mtengo wa kagalu kamene mwini analonjezedwa.

Ina ndi nthenda ya kacirombo kochedwa Brucella canis, kamene Leland Carmichael wa ku Cornell, America, anakapeza mu 1966 pofufuza cifukwa cimene agalu a mtundu wa Beagle analinkupolozera. Wamkazi ataya bere pakati pa tsiku la 45 ndi la 55, ndipo wamphongo atupa kumabvalo nakhala wosabala. Galu angathe kukhala nako osaoneka wodwala konse, ndipo kakalowa sikaturuka msanga ngakhale ndi mankhwala. Kangathe kugwiranso munthu wogwira zopoloza ndi manja. Cifukwa cace oweta osamala apimitsa mwazi wa agalu onse awiri asanakomane, ndipo galu wamkazi amene anapolozapo popanda cifukwa codziwika sayenera kulowa pa cipata.

Za ciwewe palibe wosadziwa. Ngakhale Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata Joseph Meister ndi katemera wace mu July 1885, bungwe la World Health Organization liyerekeza kuti anthu ngati 59,000 akafabe ndi ciwewe caka ndi caka, ambiri a mu Africa ndi Asia, ndipo pa anthu 10 ali onse, 4 ndi ana osafika zaka 15. Pafupi-fupi onse acitenga polumidwa ndi galu. Agalu pokomana amalumana ndi kunyambitana, ndipo munthu wowagwira angathe kulumidwa. Lamulo la Control of Dogs Act, Mutu 247 wa malamulo a Zambia, limene linayamba mu 1929 dziko likuchedwa Northern Rhodesia, ndilo maziko a kulembetsa agalu ndi kuwabayitsa katemera wa ciwewe. Mwini wamphongo apemphe kuona kalata ya katemera ya wamkaziyo, naonetse yace. Ici si cipongwe kwa mlendo. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, napite ku cipatala tsiku lomwelo, pakuti zizindikiro zikayamba kuoneka mankhwala kulibe.

TSIKU LA KUKOMANA

Ngati zonsezi ziri bwino, pakali za nthawi. Galu wamphongo angathe kubala ali ndi miyezi 6 kapena 8, koma pa msinkhu umenewo mtima wace ndi mafupa ace sizinadziwike. Wa mtundu waukulu adikire kufikira caka ndi theka kapena zaka ziwiri. Wamkazi naye asakhale wa nyengo yoyamba, pakuti akali mwana, ndipo asakhale wamng'ono thupi kwambiri poyerekeza ndi wamphongo. Kagalu ka m'mudzi kokweredwa ndi Boerboel kangathe kufa poswa, ana atakula mitu.

Nyengo ya wamkazi ikhala ngati milungu itatu, ndipo kawiri-kawiri alola wamphongo kuyambira tsiku la 9 kufikira la 14, ngakhale agalu asiyana. Iye mwini asonyeza: aima nji, napatutsa mcira. Asanafike pamenepo aluma, ndipo kumgwira mokakamiza nkubvulaza agalu onse awiri. Mwambo wa oweta ngwakuti wamkazi ndiye abwera kwa wamphongo, cifukwa wamphongo alimba mtima pa malo ace. Ndipo akomane kawiri, patapita masiku awiri pakati, pa malo ochingidwa, opanda agalu ena ndi gulu la anthu oonerera.

Atakwerana, agalu amamatirana, natembenuka kuyang'ana wina uku wina uko, kwa mphindi 5 kufikira 30. Umu ndimo analengedwera: mbali ya thupi la wamphongo itupa m'kati, ndipo iphwa yokha. Anyamata a m'makomboni akaona izi athamangira miyala ndi ndowa za madzi, ndipo akulu ena amene ayenera kudziwa bwino awathandiza ndi ndodo. Kuwalekanitsa mokakamiza kung'amba wamkazi ndi kubvulaza wamphongo, mwina kwa moyo wace wonse. Cofunika ndi munthu mmodzi wodziwika kwa agaluwo kukhala pafupi ndi kugwira wamkazi mofatsa kuti asakoke. Bere likagwira, ana abadwa patapita masiku ngati 63.

PANGANO

Milandu yambiri ya pakati pa anansi ibadwa pa tsiku la kuswa, cifukwa ca zimene sizinanenedwe pa tsiku la kupempha. Mwambo wa m'maiko ambiri ngwakuti mwini wamphongo alandira ndalama yolingana ndi mtengo wa kagalu kamodzi, kapena asankha kagalu iye poyamba. Mau awa amveka apafupi, koma taonani mafunso otsalira. Nanga bere likapanda kugwira, ndalama ibwezedwa, kapena wamkazi abweranso nyengo ina kwaulere? Nanga akaswa mwana mmodzi yekha, ngwa yani? Asankha liti, pa tsiku lobadwa kapena pa mlungu wa 6, pamene maonekedwe ayamba kudziwika? Nanga kosankhidwako kakafa kasanacoke kwa mace? Nanga agalu akabvulazana, alipira dotolo ndani? Zonsezi zilembedwe pa pepala, pamaso pa mboni, ngakhale opanganawo ali pacibale. Makamaka pacibale, pakuti mlendo akakwiya angocoka, koma mlamu akhalapobe.

Pali cinthu cimodzi cimene cadanitsa anthu ambiri. Galu wamkazi aturutsa mazira ambiri nthawi imodzi, ndipo mbeu ya wamphongo ikhala yamoyo m'thupi mwace masiku angapo. Cifukwa cace ana a bere limodzi angathe kukhala ndi atate awiri kapena atatu. Wamkazi akabwerera kwao nadumpha mpanda usiku womwewo, pakati pa ana akuda a mitu yaikulu padzapezeka ena ofiira a micira yopindika. Pamenepo mwini wace abwera ndi mkwiyo kudzanena kuti, "Acimwene, galu wanu uja si weni-weni," ndipo mbiri ya galu wosalakwa iipa m'dera lonse. Pangano linene poyera kuti wamkazi adzatsekeredwa kufikira nyengo yace yonse itatha. Koma cikhulupiriro cakuti galu wamkazi amene anakweredwapo ndi galu wa m'mudzi waonongeka kosatha, ndi kuti ana ace onse a m'tsogolo adzafanana ndi woyambayo, ncabodza. Bere liri lonse liri ndi atate ace.

ANAWO APITA KUTI?

Funso ili ndilo limene opempha mbeu salikonda, koma mwini wamphongo ali ndi ufulu wolifunsa. Tiagalu tiyenera kukhala ndi mao milungu 8, kumwa mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira mlungu waciwiri, ndi kubayidwa katemera woyamba pa milungu 6 kufikira 8. Nthenda ya parvovirus, imene inabuka pa dziko lonse mu 1978, ipha tiagalu tosabayidwa m'masiku ocepa ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa mwazi, ndipo kacirombo kace kakhala m'dothi miyezi yambiri. Katemera wa ciwewe atsatira pa miyezi itatu. Zonsezi zifuna ndalama kagalu kasanagulidwe ngakhale kamodzi, ndipo munthu wosakonzeka acita cimene cioneka m'mbali mwa miseu ya Lusaka: tiagalu ta milungu inai tiri m'manja mwa anyamata pa dzuwa, kuonetsedwa kwa oyendetsa magalimoto.

Wogula naye aganiziridwe. Kagalu ka Boerboel nkokongola pa milungu 8, koma pakutha caka kangathe kulemera ngati thumba la simenti, ndipo kadya monga munthu wamkulu wa nchito yolimba. Wogula wa pa yadi yaing'ono ku Kabwata, kapena wanchito wa ku mgodi amene alowa pansi usiku nagona usana, alibe malo kapena nthawi ya galu wotere. Cotsatira cace ndi unyolo waufupi pansi pa mtengo wa mango, ndipo galu wa pa unyolo ndiye wolusa uja wanenedwa kale. Ena atayidwa akadwala. Bungwe la Lusaka Animal Welfare Society lisunga agalu otayidwa ndi kuwafunira eni atsopano, ndipo munthu wokayenda kumeneko aona kuti mzinda uno susowa agalu. Usowa nyumba zowasamala. Akatswiri anena kuti ciwewe cileka kufala ngati agalu 70 pa 100 ali onse abayidwa katemera, ndipo kagalu kali konse kobadwa popanda mwini wokasamala kabweza nambala imeneyo m'mbuyo.

Munthu amene angofuna mlonda wina wothandiza wokalambayo sayenera kubereketsa kuti ampeze. Ndiponso galu wa makolo, wofiira uja wa makutu osongoka amene anthu amamnyoza kuti ngwa m'mudzi, sali wacabe. Ku South Africa anthu ena, pakati pao Johan Gallant, anayambitsa bungwe mu 1998 losunga agalu otere, nawacha Africanis, poona kuti apirira dzuwa, sadya zambiri, ndipo khutu lao liri lakuthwa. Pa poloti ya ku Makeni nchito yoyamba ya galu ndiyo kudzutsa eni nyumba, ndipo pa nchito imeneyo galu wa makolo sacepa.

Tsono mwini amene wapima zonsezi naona kuti galu wace ali ndi ciuno cabwino, mwazi woyera, mtima wokhazikika, ndi kuti wopemphayo ndi munthu wosamala amene ali nao kale ofuna ana, apereke galu wace kwa akazi owerengeka pa caka, nalembe m'kabuku dzina la wamkazi ali yense, tsiku, ndi kumene ana anapita. Kabuku kameneko ndiko kadzamletsa kukweretsa atate ndi mwana.

Amene waona kuti galu wace sayenera, akane mwaulemu, nafunse dotolo za kumfula. Ambiri aopa kuti galu wofulidwa akhala waulesi wosauwa mbala. Ulesi ubwera ndi kudya kopitirira, pakuti galu wofulidwa afuna cakudya cocepako. Koma kulonda malo sikucokera ku macende. Mu 1976 madotolo a ku Davis, California, atatsata agalu akulu ofulidwa, anapeza kuti 9 pa 10 ali onse amene anali oyenda-yenda anacepetsa kapena kuleka khalidwelo. Madotolo ambiri alangiza kuti galu wa mtundu waukulu adikire kufikira mafupa ace atakhwima asanafulidwe. Nchitoyo icitidwa galu atagonekedwa ndi mankhwala, osati ndi mpeni kuseri kwa nyumba monga acitira ndi mbuzi, ndipo bala lipola m'masiku 10 kufikira 14. Kwa milungu ingapo pambuyo pace galuyo angathe kubalabe, cifukwa cace mpanda ukhale wotseka kufikira nthawi imene dotolo wanena itakwana.